Oweruza Mlandu Mboni Zisanafike

Pali mwambo woipa umene wakula pakati pa olemba nkhani za makanema ku America ndi ku Ulaya, ndipo popeza mau ao afika masiku ano m'manja mwa mnyamata ali yense wokhala ndi foni ku Chipata, ku Katete kapena ku Lusaka, mwambowo wayamba kumeranso mizu kuno. Mwambo wace ndi uwu: kanema watsopano akaturuka pa Lacisanu, iwo awerenga ndalama zimene anthu alipira pakhomo pa Lacisanu, pa Loweruka ndi pa Lamulungu, ndipo kusanace bwino pa Lolemba alengeza kuti kanemayo wapambana kapena wagwa. Nchito imene anthu mazana ambiri anaigwira zaka zambiri iweruzidwa ndi masiku atatu, ndipo owerenga alandira ciweruzoco monga ngati cacokera kwa mfumu imene yamva mbali zonse ziwiri.

Palibe bwalo la milandu m'midzi ya Acewa kapena ya Angoni limene lingalole kaweruzidwe kotere. Nduna imene igamula mboni ziri m'njira isekedwa ndi ana omwe. Koma pa nkhani ya makanema a katuni, aja opangidwira makolo ndi ana ao pamodzi, kaweruzidwe aka ndiko kacitika caka ndi caka, ndipo mlandu umodzi wa caka ca 2023 ukwanira kuonetsa kupusa kwace ndi kuipa kwace komwe.

M'caka cimeneco kampani ya Pixar, imene iri pansi pa Disney, inaturutsa kanema wa katuni wochedwa Elemental. Amene anatsogolera nchitoyo ndiye Peter Sohn, mwana wa anthu a ku Korea amene anasamukira ku New York natsegula kasitolo ka zakudya m'dera la Bronx. Nthano yace iri ya mudzi waukuru wokhalamo mitundu inai ya anthu: a moto, a madzi, a dothi ndi a mphepo. A moto ndiwo alendo, ofika pambuyo, okhala kumbali kwa mudziwo ndi kuopedwa ndi anzao. Mtsikana wa moto dzina lace Ember aleredwa m'sitolo ya atate wace Bernie, nadziwa kuyambira ubwana kuti tsiku lina sitoloyo idzakhala m'manja mwace. Akomana ndi mnyamata wa madzi, Wade, nayamba kuzindikira kuti mtima wace suli pa sitolo konse, ngakhale kuti atate wace anataya dziko la kwao ndi mphamvu zao zonse kuti aimange. Makolo onse awiri a Sohn anamwalira kanemayo asanathe kupangidwa.

Kupanga Elemental kunadya madola ngati 200 miliyoni. Anayamba kumuonetsa m'mwezi wa May pa msonkhano wa makanema wa ku Cannes m'dziko la France, kumene akatswiri oyesa makanema anamlandira ndi manja ozizira. Pa 16 June anaturuka m'nyumba za kanema za ku America, ndipo m'masiku atatu oyamba anapata madola osakwana 30 miliyoni. Kufikira nthawi imeneyo panalibe kanema wa Pixar amene anayamba motsika cotero, kupatula Toy Story wa 1995, amene anaturuka matikiti ali otsika mtengo kwambiri. Pomwepo olemba nkhani anaimba ng'oma ya maliro. Ena anati Pixar yatha nzeru. Ena anati ana a masiku ano safunanso nthano zatsopano. Ena anayamba kuwerengera ndalama zimene kampaniyo idzataya.

Tsiku lomwelo kunaturukanso kanema wina wochedwa The Flash, wa ngwazi ya liwiro yodziwika kale m'mabuku a zithunzi. Iyeyo anapata madola 55 miliyoni m'masiku atatu omwewo, ndiko kunena pafupi-fupi kawiri kuposa Elemental. Munthu wowerenga pa Lolemba paja akadanena mosakayika kuti The Flash ndiye mwini mpikisano. Koma cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Pa sabata yaciwiri ndalama za The Flash zinatsika ndi magawo oposa 70 pa 100, pamene za Elemental zinatsika ndi magawo osakwana 40. Masabata anapita, The Flash nazimirira, Elemental nakhalabe. Potsiriza The Flash anasonkhanitsa madola ngati 108 miliyoni ku America ndi 271 miliyoni pa dziko lonse. Elemental, uja anamuimbira maliro, anasonkhanitsa madola ngati 154 miliyoni ku America ndi oposa 490 miliyoni pa dziko lonse. Wina anangowirikiza kawiri ndalama za masiku ace oyamba; mnzace anaziwirikiza kasanu. M'mwezi wa August mkuru wa Pixar, Jim Morris, ananena poyera kuti kanemayo adzabweza ndalama zace ndi phindu pamwamba.

Ici sicinali cozizwitsa ai, ndipo munthu woganiza pang'ono akadatha kuciyembekeza. Kanema wa ngwazi yodziwika ali ndi omtsata ace, anyamata ndi amuna amene amdikira miyezi yambiri, nagula matikiti tsiku lisanafike, nathamangira kukaona usiku woyamba kuti anzao asawatsogolere. Iwowa akatha kulowa, ngati kanemayo sanawakondweretse, palibenso wina wobwera pambuyo pao. Kanema wa banja ayenda mwa njira yina. Tate kapena mai sagula tikiti imodzi. Agula zinai kapena zisanu, naonjezapo ndalama ya ulendo ndi ya tizakudya ta ana. Munthu wotere sathamanga. Ayamba wadikira malipiro a mwezi, nadikiranso kuti sukulu zitsekedwe, ndipo koposa zonse afunsa mnzace wa kunchito kapena mnansi wace amene anapita kale, kuti, Kodi ana anakondwa? Kodi mulibe zoopsa kapena zonyansa? Yankho likakhala labwino apita sabata yacitatu kapena yacinai, ndipo ana akakondwa aumiriza kupitanso kaciwiri. Mboni zeni-zeni za kanema wa banja ndizo makolo ndi ana, ndipo mboni zimenezi zifika mocedwa nthawi zonse.

Panalinso cifukwa cina cimene Disney inadzipangira yokha. M'zaka za mliri wa Covid kampaniyo inatumiza makanema atatu a Pixar, Soul mu 2020, Luca mu 2021 ndi Turning Red mu 2022, ku Disney+, kumene anthu aonera ali m'nyumba zao, osawapititsa m'nyumba za kanema za ku America. Mwa ici inaphunzitsa makolo kuti kanema wa Pixar ndi wodikirira pakhomo. Mwana amene wazolowera kupatsidwa nsima ali cigonere sadzuka msanga tsiku limene amuitana kukadyera pabwalo. Olemba nkhani anadziwa zonsezi, komabe anaika mlandu pa nthano ya Sohn.

Ndipo umboni unalipo kale pa Lolemba lomwe lija, kwa amene anafuna kuuona. Ku America kuli kampani yochedwa CinemaScore imene ifunsa anthu poturuka m'nyumba ya kanema usiku woyamba, kuti apereke maliki monga acitira aphunzitsi, kuyambira A kufikira F. Anthu amene anaona Elemental anampatsa A. Amene anaona The Flash anampatsa B, ndiwo maliki ofooka kwa kanema wa mtundu umenewo. Cotero mboni zocepa zimene zinafika msanga zinanena bwino lomwe, koma mau ao anaikidwa kumapeto kwa nkhani, pamene ciwerengero ca madola cinaikidwa pamutu ndi malemba akuru.

Cinthu codabwitsa koposa cinacitika ku South Korea, dziko la anthu ngati 51 miliyoni. Kumeneko Elemental anayambanso mwakacete-cete, koma m'malo motsika anayamba kukwera sabata ndi sabata, kufikira matikiti oposa 7 miliyoni anagulidwa. Anaposa makanema onse a Pixar amene anaonetsedwa kumeneko kufikira caka cimeneco, naposanso makanema onse a maiko akunja a 2023. Akorea anazindikira m'nthanomo zinthu zimene akatswiri a ku Cannes sanazione: mwana amene aona kuti ali ndi mangawa kwa makolo ace osatheka kubweza, ndi tate amene sadziwa kunena cikondi cace ndi pakamwa koma ndi nchito ya manja ace. Pamene Bernie anali kucoka ku dziko la kwao, anagwada pamaso pa atate wace kupempha dalitso, koma iwo anakana kumgwadira mombwezera. Kumapeto kwa nthano Ember, ponyamuka kukaphunzira nchito ya magalasi imene mtima wace ufuna, agwada momwemo pamaso pa Bernie, ndipo Bernie agwada nayenso. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ndi ndalama za fodya, za thonje kapena za nshawa za makolo ace, ndipo tsopano ayesa kusankha pakati pa cifuniro cao ndi cace, safuna womasulira kuti amve cimene kugwada kumeneko kutanthauza. Zinthu zotere siziwerengeka ndi makina a pakhomo m'masiku atatu. Ziyenda pang'ono-pang'ono kucokera pakamwa pa munthu kunka m'khutu la mnzace.

Elemental sanali woyamba. Miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwace, mu December 2022, kampani ya DreamWorks inaturutsa Puss in Boots: The Last Wish, nthano ya mphaka wobvala nsapato. Anayamba ndi madola 12 miliyoni cabe, pa sabata imene cipale cofewa cinatsekera anthu ambiri a ku America m'nyumba. Koma anatsiriza ndi madola oposa 180 miliyoni ku America kokha. Ngakhale kale lomwe zinali comweco. Pamene Walt Disney anali kupanga Snow White and the Seven Dwarfs, anzace a ku Hollywood anacha nchitoyo kupusa kwa Disney, poyesa kuti palibe munthu wamkuru angakhale pansi ola lathunthu ndi theka kupenya zithunzi zojambula. Koma ataturuka mu December 1937 anapata ndalama zoposa makanema onse a nthawi yace. Pinocchio wa 1940 sanabweze ndalama zace poyamba, cifukwa nkhondo inatseka misika ya ku Ulaya. Anadzazibweza pambuyo pace pomuonetsanso, ndipo lero awerengedwa pakati pa makatuni opambana onse. Zaka zoposa 80 zaphunzitsa phunziro limodzi-modzi, koma ophunzira ace alephera mayeso caka ciri conse.

Tsono otsutsa adzati, Kodi si zoona kuti makanema ambiri oyamba moipa atsirizanso moipa? Inde nzoona, ndipo sikuyenera kubisa. Strange World wa Disney mu November 2022 anayamba pansi natsiriza pansi. Koposa apo, mu June 2025 Pixar inaturutsa Elio, amene anayamba ndi madola ngati 21 miliyoni, kutsika kuposa Elemental ndi Toy Story omwe; oonera anampatsanso A, koma sanadzuke monga anadzukira Elemental, natsiriza ndi madola ngati 150 miliyoni pa dziko lonse. Adzatinso ndalama si kanthu kocepa: eni nyumba za kanema atenga pafupi-fupi theka la ndalama za pakhomo, ndipo kulengeza kanema kudya mamiliyoni ena ambiri, kotero kuti kanema wa madola 200 miliyoni ayenera kupata kawiri kapena kuposa apo asanayambe kuona phindu. Munthu amene waika cuma cotere ali nako kuyenera kwa kuda nkhawa pa Lolemba.

Zonsezi zibvomerezeka, koma sizipulumutsa oweruza aja. Pakuti ngati Elemental ndi Elio anayamba mofanana, nalandira maliki ofanana, koma natsiriza mosiyana kutali, ndiye kuti masiku atatu oyamba sanathe kusiyanitsa wodzuka ndi wosadzuka. Munthu woona mtima akadati, Mbeu yamera mofooka, tidzaona mvula ya mawa. Cizindikiro cokhulupirika cioneka pa sabata yaciwiri ndi yacitatu, poona ngati anthu acepa msanga kapena acepa pang'ono-pang'ono. Kudikira masiku 14 si cinthu cobvuta. Koma nkhani yakuti "tidikire" siikoka owerenga, pamene nkhani yakuti "wagwa" ifalikira ngati moto wa m'chire m'mwezi wa October. Wolosera amene alosera imfa kwa wodwala ali yense adzalondola nthawi zina, pakuti ena amwaliradi. Koma palibe amuyesa sing'anga cifukwa ca ico.

Ndipo pano ndipo pali kuipa kweni-kweni, pakuti ciweruzo cofulumira cithandiza kupha cinthu cimene cinenedwa kuti cafa. Tate amene wamva kuti kanema wakuti wagwa sataya ndalama zace kupita nao ana kumeneko, pakuti ayesa kuti kugwa kutanthauza kuipa. Mwini nyumba ya kanema, poona mipando iri yopanda anthu, acotsa kanemayo naikapo wina. Ndipo mai amene anadikira malipiro a mwezi afika napeza palibe. Elemental anapulumuka cifukwa ca mphamvu ya Disney, imene ikhoza kusunga kanema m'nyumba zambiri masabata ambiri, ndiponso cifukwa mau a makolo anakula kuposa mau a manyuzipepala. Kanema wa kampani yaing'ono sakhala ndi nthawi yotere. Acotsedwa mboni zace zikali kumanga nsapato.

Kuipa kwaciwiri kugwera nthano zimene zisanabadwe. Kanema amene ayamba ndi ndalama zambiri ndiye amene dzina lace lidziwika kale. Inside Out 2, wotsatira kanema wokondedwa wa 2015, anapata madola 154 miliyoni m'masiku atatu oyamba mu June 2024, ndiko kunena ndalama zonse zimene Elemental anazisonkhanitsa ku America m'miyezi yace yonse. Natsiriza ndi madola oposa 1,600 miliyoni pa dziko lonse. Moana 2 wa caka comweco anapitiriranso madola 1,000 miliyoni. Palibe cifukwa ca kunyoza makanema awa, pakuti ana anawakonda. Koma mkuru wa kampani akayesa zonse ndi muyeso wa masiku atatu, adzaona kuti njira yopanda minga ndiyo kubwereza maina akale, waciwiri, wacitatu, wacinai, wacisanu. Aiwala kuti Inside Out woyamba anali nthano yacilendo imene panalibe anaidziwa, ndi kuti Toy Story yemwe anayamba ndi madola 29 miliyoni. Mlimi amene adya mbeu zonse cifukwa cimanga ca m'nkhokwe ncokoma kuposa ca m'munda adzakhuta caka cino. Caka camawa adzapempha kwa anansi.

Nkhani iyi iwakhudza anthu a dziko la Zambia koposa m'mene ambiri aganizira. Mu July 2023, mwezi umodzi Elemental ataturuka, Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4, katuni wa zigawo-zigawo wonena za atsikana anai a sukulu a mu Lusaka wa mtsogolo, amene anayambitsa mlembi wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mothandizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Nthano iri yonse yocokera kuno, kaya ya Kalulu ndi Fisi, kaya ya ana a m'komboni, ifika pa msika wa dziko lonse iri mlendo wopanda dzina lodziwika, monga anafikira Bernie m'mudzi wa anthu a madzi. Siingathe kudzaza nyumba usiku woyamba. Ciyembekezo cace conse ciri pa mau a oonera, amene afuna nthawi kuti afalikire. Cotero munthu wa kuno amene aombera m'manja muyeso wa masiku atatu ali kunola mpeni umene udzadula nthano za kwao zomwe.

Pali cinanso cimene oweruza aja asokoneza dala, ndico kusiyana kwa mafunso awiri: lakuti kanema wapata ndalama zingati, ndi lakuti kanemayo ali wabwino kodi. Funso loyamba ndi la eni cuma. Laciwiri ndi la woonera. Ncomvetsa cisoni kupeza anyamata ophunzira ali kukangana pa foni za mamiliyoni a madola a kampani ya ku California, imene sidzawagawirako ngwee imodzi, natsutsana za kanema amene onse awiri sanamuone. Akuru anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Wolemba wa ku Los Angeles awerenga ciwerengero. Wa ku London atengera kwa iye. Wa ku Johannesburg atengera kwa wa ku London. Ndipo pofika ku Chipata mau aja akhala coonadi cosatsutsika, ngakhale kuti m'mzere wonsewo mulibe mmodzi amene anakhala pansi pamodzi ndi mwana kuona ngati mwanayo anaseka kapena analira.

Sukulu iphunzitsa munthu kuwerenga manambala, ndipo ici ncabwino; koma wophunzira weni-weni ndiye amene afunsa kuti nambalayo yawerenga ciani, yawerengedwa liti, ndipo yasiya ciani kunja. Madola 30 miliyoni a pa 18 June 2023 anali nambala yoona. Bodza linali m'mau amene anaikidwa pamwamba pace. Cizolowezi comweci ca kugamula msanga cioneka m'zinthu zina zambiri zimene wotsiriza sukulu adzakomana nazo: mbeu yatsopano ikanidwa cifukwa ca caka cimodzi ca cilala, wophunzira nchito acotsedwa cifukwa ca sabata yace yoyamba, buku la m'cinenero ca kwao liyesedwa lacabe cifukwa silinagulidwe mwezi woyamba. Amene waphunzira kukana kaweruzidwe aka pa nkhani ya katuni adzakakananso pa nkhani zazikuru.

Cifukwa cace woweruza wa makanema ayenera kucita monga icita nduna yanzeru: alembe ndalama za masiku atatu monga umboni wa mboni yoyamba, aikepo pambali pace mau a amene anaona, ndipo asunge cigamulo kufikira masabata atapita. Ndipo wowerenga, pakumva kuti kanema wakuti wagwa, afunse tsiku limene mauwo analembedwa. Akapeza kuti ndi Lolemba loyamba, awaike pambali, nakafunse mai wa nyumba yoyandikana amene anapita ndi ana ace. Kuona maso a nkhono nkudekha. Elemental anaikidwa pa mndandanda wa makatuni asanu opikisana pa mphotho ya Oscar mu 2024, ndipo olemba aja amene anamuika m'manda mu June analemba nkhani zatsopano zosimba kudzuka kwace, osachulapo konse kuti okumba mandawo anali iwo omwe.